Ntchito za makina a m'maofesi: zomwe mabwana akufuna masiku ano, ndi njira zozipezera

TETE – Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, mabanja ambiri a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde amapatula ndalama za fodya, soya kapena mbatata ya kachewere kuti mwana amene wamaliza kalasi ya 10 kapena ya 12 akaphunzire kompyuta. Makolo amayembekezera kuti mwanayo akapeza ntchito ya mu ofesi ndi kuthandiza abale ake. Koma ntchito za makina a m'maofesi zasintha kwambiri m'zaka zapitazi, ndipo satifiketi ya kutaipa yokha sikutsegulanso zitseko monga kale. Banja limene likufuna kuika ndalama za munda pa maphunziro otere liyenera kudziwa kaye kuti ntchitozi ndi ziti, akulemba anthu ndani, ndipo akufuna luso lanji.

Ntchito zake ndi ziti?

Makina a m'maofesi ndi monga makompyuta, mapulinta, makina a fotokope, masikana, ndi zingwe ndi zipangizo zimene zimalumikiza makina onsewa ku intaneti. Makinawa amapezeka m'masukulu, m'zipatala, m'mabanki, m'maofesi a boma, pa zipata za m'malire monga Calómuè, Zóbuè ndi Cassacatiza, ku migodi ya malasha ya ku Moatize, ku Songo kumene kuli damu la Cahora Bassa, ndi m'timashopu ta fotokope ta m'misika.

Ntchito zake zili m'magulu anayi. Gulu loyamba ndi la amisiri okonza makina, amene amayenda m'maofesi kukasintha zipangizo zakutha ndi kuchotsa zovuta. Lachiwiri ndi la othandiza ogwiritsa ntchito makompyuta: amaika mapulogalamu, amalumikiza makina ku netiweki, ndipo amayankha wogwira ntchito akalephera kutsegula kompyuta kapena kutumiza imelo. Lachitatu ndi la ogulitsa, amene amayendera makasitomala ndi kupangana nawo za makina, inki ndi tona. Lachinayi ndi la ogwira ntchito za zikalata: kutaipa, kujambula mapepala akale ndi sikana, ndi kulowetsa maina ndi manambala mu kompyuta.

Achinyamata ambiri a kumidzi amathamangira gulu lachinayi chifukwa ndilo losavuta kuphunzira. Vuto lake n'lakuti ndilonso lili ndi anthu ambiri ofuna ntchito, pomwe malo ake akuchepa, popeza masiku ano mphunzitsi, namwino kapena mlembi wa ku boma amatha kutaipa yekha kalata yake.

Zimene zasintha kumene makinawa amachokera

Makina a fotokope ndi akale ndithu. Njira yake anaitulukira Chester Carlson ku America mu 1938, ndipo kampani ya Xerox inayamba kugulitsa makina otchuka a mtundu wa 914 mu 1959. Kwa zaka zambiri, phindu la makampani opanga makinawa linkachokera ku kuchuluka kwa mapepala osindikizidwa: ofesi ikasindikiza kwambiri, imagulanso kwambiri tona ndi zipangizo.

M'mayiko olemera mapepala osindikizidwa m'maofesi akhala akuchepa, makamaka kuyambira 2020 pamene mliri wa Covid-19 unachititsa anthu ambiri kugwirira ntchito kunyumba ndi kutumizirana zikalata pa intaneti. Makampani akuluakulu ayamba kugulana ndi kuphatikizana. Kampani ya HP inagula gawo la mapulinta la Samsung mu 2017. Mu Januwale 2024, Xerox inalengeza kuti ichotsa antchito 15 pa 100 alionse, ndipo mu 2025 inamaliza kugula kampani ya Lexmark pa mtengo wa madola 1.5 biliyoni. Ku Japan, Ricoh ndi Toshiba Tec zinaphatikiza ntchito yopanga makina mu kampani imodzi yotchedwa ETRIA mu 2024.

Makampaniwa tsopano sakudalira pepala lokha. Akugulitsanso ntchito zosamalira makompyuta, kusunga zikalata pa intaneti, ndi kuteteza maofesi kwa akuba a pa intaneti. Njira yogulitsira nayo yasintha. M'malo mogula makina a fotokope, ofesi yaikulu imachita lendi makinawo n'kumalipira malinga ndi mapepala amene yasindikiza pa mwezi, ndipo kampani yobwereketsayo ndiyo imabweretsa tona ndi kutumiza mmisiri makina akawonongeka. Makina ambiri atsopano amatha kutumiza okha uthenga pa intaneti kuti tona yatsala pang'ono.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza chigawo cha Tete

Kuno pepala silinathe ntchito. Wolembetsa mwana sukulu, wofunsira ntchito ya boma, wokatenga ngongole ku banki, onsewa amafunsidwabe mafotokope. Magetsi a EDM akufalikira m'madera ena a kumidzi, mogwirizana ndi cholinga cha boma chakuti anthu onse akhale ndi magetsi pofika 2030, ndipo kumene magetsi afika, makina amatsatira. Intaneti ya Movitel, Vodacom ndi Tmcel yafika m'madera ambiri, ndipo Starlink inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023.

Komabe makina amene akufika ndi omwewo atsopano. Makina a fotokope a lero ndi kompyuta payokha: amasindikiza, amajambula chikalata n'kuchitumiza pa imelo, ndipo amalandira ntchito kuchokera ku makompyuta ambiri nthawi imodzi. Mmisiri amene amangodziwa kumasula masikuluwu koma sadziwa netiweki angathe kusiya makina abwinobwino osagwira ntchito chifukwa cholephera kuwalumikiza. N'chifukwa chake mabwana akufuna munthu mmodzi wodziwa zonse ziwiri.

Chinanso ndi mtunda. Makampani akuluakulu ogulitsa makina ali ku Maputo, Beira ndi Nampula, ndipo ena ali ndi nthambi mu mzinda wa Tete. Kuchokera ku Tete kukafika ku Ulónguè ndi makilomita oposa 200. Kutumiza mmisiri ulendo wotere chifukwa cha pepala lokakamira m'makina n'kodula. Wachinyamata waluso amene akukhala pafupi ndi makinawo ali ndi mwayi umene wa mumzinda alibe.

Palinso nkhani ya makompyuta akale. Kampani ya Microsoft inasiya kupereka chithandizo chanthawi zonse cha pulogalamu ya Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Maofesi amene ali ndi makompyuta akale akuyenera kuwakonzanso kapena kugula ena, ndipo ntchito yosamutsa zikalata kuchokera mu kompyuta yakale kupita mu yatsopano imafuna anthu.

Luso limene mabwana akuyang'ana

Choyamba ndi manja. Mmisiri ayenera kudziwa kusiyana kwa pulinta ya inki ndi ya tona. Ya inki imapopera timadontho ta madzi a utoto, ndipo ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito timabowo take timauma. Ya tona imagwiritsa ntchito ufa wakuda umene umamatidwa pa pepala ndi kutentha. Ayeneranso kudziwa adani a makina m'dera lino: fumbi la m'chilimwe limene limatha timawilo tokoka pepala, chinyontho cha m'dzinja chimene chimachititsa mapepala kumatana, ndi magetsi othimathima kapena obwera mwamphamvu amene amawotcha zipangizo za mkati.

Chachiwiri ndi netiweki: kulumikiza pulinta ku makompyuta angapo, kukonza rauta, kupanga chingwe cha intaneti, ndi kuika manambala achinsinsi. Chachitatu ndi mapulogalamu a mu ofesi, makamaka Excel. Ambiri amalemba pa CV kuti amadziwa Excel, koma akauzidwa kuti awonkhetse ndalama za mwezi ndi kusanja maina motsatira zilembo, amasowa poyambira.

Chachinayi ndi zilankhulo. Chipwitikizi n'chofunika polemba kalata, malipoti ndi polankhula ndi makasitomala a m'maofesi. Chingerezi chimathandiza chifukwa mabuku ambiri a amisiri ndi mauthenga a zolakwika a m'makina amalembedwa m'Chingerezi. Apa ana a m'malire amene anaphunzirako ku Dedza, Ntcheu kapena Mwanza ali ndi mwayi, bola alimbikire Chipwitikizi cholemba. Chinyanja nachonso ndi chuma kwa wogulitsa kapena wothandiza makasitomala a m'maboma a kumpoto kwa chigawo.

Chachisanu ndi khalidwe. Mmisiri amalowa m'maofesi mmene muli malipiro a anthu, mayeso a sukulu ndi zikalata za odwala. Amasungitsidwanso tona ndi zipangizo zodula. Bwana angaphunzitse munthu makina, koma sangamuphunzitse kukhulupirika, n'chifukwa chake amafunsa kwa anthu amene anagwirapo naye ntchito. Layisensi yoyendetsera njinga yamoto kapena galimoto imawonjezeranso mwayi, poti ntchito ya mmisiri ndi ya pamsewu.

Kophunzirira, ndi mafunso ofunsa musanalipire

Boma lili ndi bungwe la IFPELAC limene limaphunzitsa ntchito za manja m'zigawo, ndipo bungwe la ANEP ndilo limayang'anira maphunziro a luso ndi kuvomereza sukulu zake. Amene afika patali ndi sukulu angafunsire malo ku Instituto Superior Politécnico de Tete kapena ku Songo. Palinso sukulu zambiri za anthu wamba zophunzitsa kompyuta. Zina ndi zabwino, zina zimangogulitsa pepala.

Safunsa anadya phula. Kholo lisanapereke ndalama lifunse ngati sukuluyo ili ndi chilolezo cha boma, ndipo lione chikalatacho ndi maso. Lifunse kuti ophunzira angati amagawana kompyuta imodzi, ndiponso kuti magetsi akathima maphunziro amapitirira bwanji. Lifunse ngati ophunzira amatsegula makina ndi manja awo kapena amangokopera zolemba pa bolodi. Pomaliza lifunse kumene ophunzira a chaka chatha ali tsopano. Sukulu yabwino sichita manyazi ndi mafunso otere.

Amene ali ndi foni ya intaneti angawonjezere luso popanda kulipira zambiri. Cisco Networking Academy ili ndi maphunziro ena aulere a netiweki, ndipo ena mwa iwo ali m'Chipwitikizi. Masatifiketi odziwika m'mayiko ambiri, monga CompTIA A+ ndi ICDL, amafuna ndalama za mayeso, choncho ndi bwino kuwaganizira munthu atayamba kale kupeza kangachepe. Amene anaphunzira ku Malawi kapena ku Zambia ayenera kukafunsa ku ofesi ya maphunziro za equivalência, chimene ndi chikalata chosonyeza kuti satifiketi yakunja ikufanana ndi kalasi iti ya kuno. Izi zimatenga nthawi, ndiye ndi bwino kuyamba msanga, ntchito isanalengezedwe.

Kumene ntchito zimalengezedwa

Ntchito za boma zimadzera mu concurso público, ndipo zidziwitso zake zimamatidwa pa maofesi a boma kapena kutuluka mu nyuzipepala monga Notícias. Bungwe la INEP limalembetsa anthu ofuna ntchito m'malo ake otchedwa Centro de Emprego, ndipo limathandizanso kupeza estágio, imene ndi nthawi yophunzira ntchito pa kampani. Pa intaneti, tsamba la emprego.co.mz limaika ntchito za m'zigawo zonse, ndipo makampani akuluakulu amagwiritsanso ntchito LinkedIn. Amisiri odziimira paokha angalembetse pa Biscate, imene imalumikiza anthu a ntchito za manja ndi makasitomala kudzera pa foni.

Komabe ntchito zambiri za m'makampani ang'onoang'ono sizilengezedwa n'komwe. Mwini shopu yokonza makompyuta amalemba munthu amene wamuona akugwira ntchito. N'chifukwa chake miyezi ingapo yothandiza mmisiri wodziwa, ngakhale pa malipiro ochepa, imatha kuposa satifiketi yachiwiri. Wophunzira wanzeru amasunga kope lolembamo makina alionse amene wakonza: mtundu wake, vuto lake, ndi chimene anachita. Kope limeneli ndi umboni umene bwana angaone.

Zikalata zofunika kukhala nazo

Wofuna ntchito akhale ndi Bilhete de Identidade yosatha masiku, nambala ya msonkho ya NUIT, masatifiketi a sukulu, ndi CV. Malo ambiri, makamaka a boma, amafunanso registo criminal, chikalata cha kuchipatala, ndi umboni wakuti munthu analembetsa za usilikali. Zina mwa zikalatazi zimatha mphamvu pakapita miyezi, choncho ndi bwino kufunsa nthawi yake. Zikalata zenizeni zisasiyidwe kwa munthu aliyense. Zoperekedwa ndi mafotokope, odindidwa kwa notário ngati chidziwitso chanena choncho.

CV ikhale ya tsamba limodzi kapena awiri, yolembedwa m'Chipwitikizi chabwino. M'malo molemba kuti "ndimadziwa kompyuta", munthu atchule zenizeni: kuti anaikapo Windows m'makompyuta, anasinthapo tona m'makina a Canon, Ricoh kapena Kyocera, kapena anasungapo kaundula wa gulu la alimi mu Excel. Ntchito ya kumudzi isanyozedwe. Amene anakhalapo mlembi wa kalabu ya fodya kapena wothandiza pa banka ya M-Pesa waonetsa kale kuti amatha kusunga manambala ndi ndalama za eni ake.

Nambala ya foni ya pa CV ikhale yopezeka nthawi zonse. Ambiri a m'malire amasinthasintha makadi a foni a kuno ndi a ku Malawi, ndipo kampani ikaimba kawiri osayankhidwa imapita kwa wina. Imelo ikhale ya dzina lenileni la munthu, ndipo aziitsegula kawirikawiri. CV yotumiza pa imelo kapena pa WhatsApp ikhale ya mtundu wa PDF, osati chithunzi cha pepala lopindika. Kwa wofunsira ntchito ya makina a mu ofesi, mmene watumizira chikalata ndi mayeso oyamba.

Tsiku la mafunso

Makampani ambiri sakhutira ndi mafunso a pakamwa. Wofunsira ntchito angapatsidwe pulinta imene ikukana kusindikiza, n'kuuzidwa kuti apeze vuto. Oyesa amayang'ana dongosolo: kodi wayamba ndi kuona magetsi, chingwe ndi pepala asanathamangire kumasula makina? Kodi wazimitsa magetsi asanalowetse dzanja, podziwa kuti mkati mwa makina a tona muli malo otentha kwambiri? Kunena kuti "apa sindikudziwa, koma ndingayang'ane m'buku la makinawa" n'kwabwino kuposa kunama n'kuthyola chipangizo.

Ena amayamba ndi mafunso a pa foni kapena pa kanema wa intaneti. Wokhala kumudzi akonzeretu malo amene netiweki imagwira bwino, foni ikhale ndi moto, ndipo kukhale kopanda phokoso. Atsikana asadziderere. Ntchitozi zimafuna maso akuthwa ndi kudekha kuposa mphamvu za thupi.

Chenjerani ndi ogulitsa ntchito

Kumene kuli ulova, akuba sasowa. Uthenga umafika pa WhatsApp kapena pa Facebook wonena kuti kampani yaikulu ikufuna anthu a kompyuta, malipiro ndi apamwamba, koma malo atsala ochepa. Kenako wofuna ntchito amauzidwa kuti atumize ndalama pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, ati za fomu, za yunifolomu kapena za kuchipatala. Ndalama zikangopita, nambala ija imazima. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kampani yeniyeni silipiritsa munthu kuti imulembe ntchito. Zizindikiro za chinyengo ndi izi: kufulumizitsa munthu kuti alipire lero lomwe, kusowa kwa ofesi imene angapiteko, kulembedwa ntchito popanda kufunsidwa mafunso, ndi kupempha nambala yachinsinsi ya foni kapena ya banki. Malonjezo a ntchito za kompyuta za kunja kwa dziko, amene wolonjeza akuti asunga yekha pasipoti, ndi oopsa kwambiri, chifukwa ndi njira imene ozembetsa anthu amagwiritsa ntchito. Nkhani zotere zikanenedwe ku polisi. Wogwira ntchito m'boma amene akupempha ndalama kapena chiwerewere kuti apereke malo akuphwanya lamulo, ndipo nkhaniyo ingatengeredwe ku ofesi yolimbana ndi katangale kapena ku Procuradoria ya m'boma.

Ntchito ikapezeka

Lamulo la ntchito limene likugwira tsopano ndi Lei 13/2023. Wolembedwa ntchito apemphe kontirakiti yolembedwa, yotchula ntchito yake, malipiro, malo ogwirira ntchito ndi nthawi yoyesedwa. Mmisiri woyendayenda afunsiretu za ndalama za mafuta, chakudya ndi malo ogona pa ulendo. Wogulitsa amvetse bwino kuti malipiro okhazikika ndi angati, ndipo a komishoni amawerengedwa motani.

Bwana ayenera kulembetsa wantchito ku INSS. Ndalama zopita kumeneko ndi 7 pa 100 ya malipiro: bwana amapereka 4, wantchito amadulidwa 3. Wantchito ali ndi ufulu wokafunsa ku INSS ngati ndalamazo zikufikadi. Madandaulo a ntchito amapita ku Inspecção Geral do Trabalho.

Kwa amene sanalembedwe

Si onse amene adzalembedwe ndi kampani. Ena amatsegula malo a fotokope, kusindikiza zithunzi ndi kuthandiza anthu kudzaza mafomu a pa intaneti pafupi ndi sukulu, msika kapena ofesi ya boma. Mapulinta okhala ndi timatanki ta inki, monga a Epson EcoTank, atsitsa mtengo wosindikiza tsamba limodzi, ndipo sadya magetsi ambiri ngati makina a tona, choncho amatheka ndi sola. Woyamba bizinesi awerengere mtengo wa pepala, inki, lendi ndi magetsi pa tsamba lililonse asanaike mtengo wake, afufuze kumene zipangizo za makinawo zimapezeka, ndipo akafunse za chilolezo ku Balcão de Atendimento Único kapena ku ofesi ya boma yoona za malonda. Akumbukirenso kuti bizinesi yotere ili ndi nyengo zake ngati ulimi: imayenda bwino nthawi yolembetsa ana sukulu ndi ya mayeso, n'kuzizira miyezi ina.

Banja limene likuganiza zogulitsa matumba a soya kuti lilipirire mwana maphunzirowa likhale pansi ndi mwanayo n'kusankha gulu la ntchito limene akufuna, lipite kukaona sukulu lisanalipire, ndipo lisungeko ndalama zina za zikalata, maulendo ndi miyezi yophunzira ntchito kwa mmisiri. Ndalama zimenezi n'zimene ambiri amaiwala, ndipo kusowa kwake n'kumene kumabweza achinyamata kumudzi ali ndi satifiketi m'manja.